Ku Angoulême Wojambula Ndiye Amagona ndi Njala

Kuyambira 1974, mzinda wa Angoulême ku France umachititsa chikondwerero chachikulu cha mabuku a makatuni. Mahotela amadzaza, osindikiza amagulitsa. Nanga wojambulayo? Amaswera patebulo, kujambula kachithunzi m'buku la wogula aliyense, ndipo kwa zaka zambiri sankalandirapo ngakhale khobidi. Kafukufuku wa États Généraux de la Bande Dessinée wa 2016 anapeza kuti 36 mwa 100 alionse odalira ntchitoyi ndi amphawi.

Musandiuze za Maison des Auteurs, nyumba imene imabwereka ojambula malo ogwirira ntchito. Ine ndikuti chipinda cha miyezi yowerengeka si malipiro. Nthawi ikakwana amalowa wina, uyu n'kuyambanso kulemba makalata opempha malo kwina, buku lake lili pomwepo, lendi ikumudikira.