Za ku Mozambique Nzathunso

Ananu, yang'anani pa mapu a Afirika, mufunefune nyanja yamcere m'malire a Zambia. Simudzaipeza ai. Dziko lathu lazingidwa ndi maiko 8, kotero katundu yense wocokera kutsidya kwa nyanja, ngakhale feteleza, ngakhale mafuta a galimoto, ayenera kupita pabwalo pa mnansi asanafike kuno ku Chipata.

Alipo anthu ena amene amati, "Za ku Mozambique nza eni ake, ife tilime mtedza wathu." Ine sindibvomerezana nao, ndipo ndikuuzani cifukwa cace.

Kuyambira caka ca 1977 kufikira 1992 m'dziko la Mozambique munali nkhondo ya paciweniweni, boma la Frelimo kumenyana ndi gulu la Renamo. Nkhondoyo sinali yathu, komatu utsi wace unatiliza misozi. Njanji yocokera ku doko la Nacala, yolowa m'Malawi kufikira pa Mchinji, inapasulidwa, sitima nizileka kuyenda. Anthu a mfuti analumpha malire, nasautsa midzi ya ku Chadiza, Katete ndi Petauke. Anthu zikwi zambiri anathawira kwathu kuno, ndipo m'caka ca 1987 boma linawapatsa malo ku Ukwimi.

Kodi othawawo anali alendo? Iai. Ambiri a iwo analankhula cinenero cathu comweci, pakuti malire amene anatilekanitsa anapangana Angerezi ndi Apwitikizi m'caka ca 1891, osafunsako mfumu ya mudzi ndi imodzi yomwe. Makolo sananame ponena kuti mnzako akapsa ndebvu mzimire.

Pa 4 October 1992 adani aja anasaina pangano la mtendere ku Rome. Taonani tsono zimene zinatsatapo. A ku Ukwimi anabwerera kukalima minda yao. Njanji ya ku Nacala inakonzedwa, ndipo m'caka ca 2010 anaitalikitsa kucokera pa Mchinji kufika pa Chipata. Anacedwa nayo ndithu, pakuti nkhani yace inayamba kale mu 1982, koma inafika. M'mwezi wa December 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema ndi Pulezidenti Lazarus Chakwera anatsegula nyumba imodzi ya kasitomu pa malire a Mwami, kuti wamalonda aime kamodzi kokha m'malo mwa kawiri.

Cifukwa cace, pamene mumva kuti nduna yathu yapita ku Maputo kapena ku Lilongwe kukakamba ndi anzace, musaganize kuti yangopita kukaona dziko. Mtengo wa thumba la feteleza limene atate anu agula uli m'kati mwa nkhani zomwezo.

Wina wa inu akapita ku Mkaika m'mwezi wa August pa mwambo wa Kulamba, awerenge mafumu a ku Malawi ndi a ku Mozambique amene adza ndi mitulo yao kwa Kalonga Gawa Undi. Afunsenso okalamba ngati a ku Mozambique ankayenda ulendo umenewo mosaopa pa zaka za nkhondo zija.