Thupi likatentha, tisadikire kuche

Ambirife tinazolowera kuti munthu akatentha thupi usiku timampatsa Panado, n'kumufunditsa, tikumati tiona mawa. Kwa wodwala khansa ya m'magazi, ija madokotala amati leukaemia, amene akulandira chemotherapy, chizolowezi chimenechi chingathe kutilanda m'bale wathu.

Khansa imeneyi imayambira m'kati mwa mafupa, momwe magazi amapangidwa. Mankhwala ake amapha maselo a khansa, koma amaphera limodzi maselo oyera a m'magazi, amene ndi asilikali a thupi. Asilikali oyamba kuthamangira kunkhondo amatchedwa neutrophil. Munthu wabwinobwino amakhala nawo opitirira 1,500 m'kadontho koyezera, koma wolandira chemotherapy angatsale ndi ochepera 500. Kawirikawiri amachepetsetsa pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni mankhwala, nthawi imene odwala ena amakhala atabwerera kunyumba, m'manja mwathu.

Asilikali akachepa chotero, matenda amalowa mwakachetechete. Chilonda sichichita mafinya, pakuti mafinya amapangidwa ndi maselo omwewa. Chibayo chingayambe popanda chifuwa chenicheni. Nthawi zina chizindikiro chokha chimene timapatsidwa ndi kutentha thupi, ndipo tizilombo tikalowa m'magazi, munthu amene amacheza bwinobwino madzulo angafooke kotheratu kusanache.

Choncho pakhomo pakhale kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Kakaonetsa madigiri 38 kapena kuposa, tinyamuke nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, kaya ndi tsiku lopuma. Tichitenso chimodzimodzi wodwala akayamba kunjenjemera, kubanika, kutsekula m'mimba kapena kusokonezeka mutu, ngakhale thupi lisanatenthe. Tisampatse Panado tisanamuyeze, chifukwa amabisa kutenthako. Tisagule mankhwala a malungo pagolosale n'kukhala pansi. Malungo angakhalepo ndithu, ndipo akayezedwa kuchipatala, koma angathe kukhala limodzi ndi matenda ena.

Tikafika, tisakhale chete pamzere. Tionetse buku la kuchipatala n'kunena momveka kuti, "Awa akulandira chemotherapy ndipo atentha thupi." Cholinga cha madokotala n'chakuti wodwala wotere ayambe kulandira mankhwala opha tizilombo kudzera mumtsempha pasanathe ola limodzi. Kaya tikulandira chithandizo ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, tisatuluke tisanafunse nambala yoimbapo zikavuta, ndi chipatala chapafupi chimene tingathamangireko. Ndalama yoyendera ikhale padera, isakhudzidwe.

Pali zambiri zoti tichite matenda asanabwere. Choposa zonse ndi kusamba m'manja ndi sopo, wodwala ndi womusamalira yemwe. Madzi akumwa akhale owiritsa. Timadziwa ubwino wa masamba ndi zipatso, koma m'masiku amenewa ndiwo zamasamba ziphikidwe n'kudyedwa zikadali zotentha, ndipo zipatso zitsukidwe n'kusendedwa. Mkaka wosawiritsa, mazira osapsa ndi mkute wogona tizipewe. Wodwala azitsuka mano ndi mswachi wofewa, chifukwa zilonda za m'kamwa ndi khomo la tizilombo. Azigona m'masikito. Asasese m'khola la nkhuku, asapete chimanga cha chuku, pakuti fumbi lake lingathe kudwalitsa mapapo. Mankhwala azitsamba tisampatse dokotala asanavomereze.

Nanga odzazonda? Kwathu kuno wodwala sasiyidwa yekha, ndipo ndi khalidwe labwino. Komabe amene ali ndi chimfine kapena chifuwa aimbe foni, asalowe m'nyumba. Mwana wodwala katsabola kapena chikuku asayandikire n'komwe, ndipo ngati anakumana kale ndi wodwalayo, tidziwitse dokotala tsiku lomwelo. Abale amene akufuna kuthandiza angathe kutunga madzi, kubweretsa nkhuni zowiritsira, kapena kusonkha ndalama yoyendera ija.

Tidziwenso kuti matenda ambiri mwa odwala amenewa amachokera ku tizilombo ta m'matumbo ndi pakhungu pawo pomwe. Ngakhale pakhomo pasamalidwe bwanji, thupi lingathe kutentha ndithu. Zikatero womusamalira asadziimbe mlandu, ndipo tisataye nthawi kufufuza amene walakwitsa. Tiyeze thupi, titenge buku la kuchipatala, tinyamuke.