Poloti Yaing'ono Siikanika Dimba

M'matauni athu muno nyumba zambiri zinamangidwa pamalo amene makolo sakadalimapo ngakhale chinangwa. Ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa mu mzinda wa Blantyre, mapoloti ena ali pamtsetse, ena ndi opapatiza ngati mpita, ena ngodzala miyala. Eni ake amati pamalo otero sipangamere kanthu, choncho amangosesa bwalo m'mawa uliwonse mpaka dothi lonse lachonde litatha. Maganizo amenewa ngolakwika, ndipo akusaukitsa mabanja amene amagula ndiwo zamasamba tsiku ndi tsiku.

Wofuna dimba pamalo ovuta ayambe wayang'ana kumene madzi amadzera, pakuti akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Denga lamalata la masikweya mita 50 limagwetsa malita 1,000 pa mvula ya mamilimita 20 yokha, kutanthauza migolo isanu ya malita 200. Madzi onsewa akasiyidwa, amakumba maziko a nyumba ndi kukalowa kwa mnansi wa kumunsi. Akatchingidwa ndi ngalande ya pamalata ndi kulowetsedwa mu mgolo wovundikira bwino, amathirira mbewu masiku ambiri popanda kuswetsa udzudzu.

Pamtsetse, mabedi ayenera kudutsa chopingasa, osati kutsata kutsetsereka kwa malo. Chida chopezera mzere wolingana sichigulidwa kusitolo: ndi timitengo titatu tomangidwa ngati chilembo cha A, chingwe ndi kamwala kolendewera pakati. Pamzerepo payalidwe miyala yomwe ija mwini poloti amadandaula nayo, ndipo kumunsi kwake kubzalidwe udzu wa vetiva motalikirana masentimita 10 kapena 15. Mizu ya udzuwu imalowa pansi mamita awiri kapena atatu, ndipo siifalikira m'mabedi. Namondwe wa Freddy, amene anapha anthu mazanamazana m'mwezi wa Marichi 2023, makamaka ku Chilobwe m'tsinde mwa phiri la Soche, anasonyeza mphamvu ya madzi pa nthaka yopanda chogwira. Dimba limodzi silingaimitse phiri, koma mapoloti ambiri otetezedwa amachepetsa madzi othamangira m'misewu ndi m'makwalala.

Chachiwiri ndi dzuwa. Popeza dziko la Malawi lili kum'mwera kwa ikweta, m'miyezi yozizira ya Meyi, Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto. Motero mbali ya kumpoto kwa nyumba ndiyo yoyenera matimati, tsabola ndi anyezi, zimene zimafuna dzuwa la maola asanu ndi limodzi. Mbali ya kum'mwera, imene imakhala ndi mthunzi nthawi imeneyi, ipatsidwe mpiru ndi repu, pakuti masamba amapirira kuwala kochepa.

Kumene malo ali opapatiza, mbewu zikwere m'mwamba. Nyemba ndi maungu ziyange pa mpanda, ndipo mpandawo udzaoneka wobiriwira, ndiwo za khwanya ndi nkhwani zili pomwepo. Pamene pali thanthwe kapena simenti, thumba la feteleza lodzazidwa dothi ndi manyowa, loikidwa timiyala pakati kuti madzi atsike, limamera ndiwo pamwamba ndi m'mabowo a m'mbali. Madzi a kubafa alunjikitsidwe m'dzenje lozunguliridwa ndi nthochi, koma asathiridwe pa masamba odya.

Pa mitengo pafunika nzeru. Kachere ndi bulugama zili ndi mizu yong'amba zipupa, ndipo mango amaphimba poloti yonse. Papaya, ndimu ndi chammwamba chodulira kawirikawiri ndizo zoyenera malo ochepa. Maluwa nawonso asanyozedwe, pakuti khomo lokongola limalemekeza mwini wake, ndiponso maluwa amaitana njuchi zimene zimathandiza maungu kubereka.

Aphunzitsi ali ndi udindo waukulu pa nkhaniyi. Kuseri kwa makalasi ambiri kuli malo okokoloka amene akanakhala pophunzirira kuyeza, kuwerengera ndi kusamala nthaka. Wophunzira amene wamanga chida cha A ndi manja ake sadzaiwala ntchito yake. Nawonso achinyamata otsiriza sukulu, amene akudikira ntchito ya muofesi, adziwe kuti m'tauni muli eni nyumba ambiri ofuna munthu wodziwa kukonza malo ovuta, ndipo luso limeneli likhoza kuwapatsa ndalama. Nthawi yoyeza mizere ndi kuyala miyala ndi chilimwe, mvula yoyamba isanagwe, kuti vetiva adzabzalidwe nthaka itangonyowa.