Vinyo wa atsibweni wadikira chinkhoswe zaka khumi

Atsibweni atabwera kuchokera ku Joni mu December 2015, anatitengera mabulangete, wailesi ndi mabotolo awiri a vinyo wofiira. Pabotolo panalembedwa kuti pinot noir, 2013. Anawapatsa ndi abwana awo amene ankawasamalira maluwa ku Hermanus. Tsiku lomwelo lamulo linaperekedwa: vinyoyu adzatsegulidwa pa chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi, yemwe nthawi imeneyo anali Sitandade 6.

Botolo limodzi analiimika mu kabati ya pabalaza, pafupi ndi windo, kuti mlendo aliyense aziona kuti pano pali munthu woyenda. Linalo akazi awo analibisa poopa anyamata a pakhomo. Analigoneka m'katoni ya zovala zakale kunsi kwa bedi, pa simenti, mpaka eni ake anaiwala.

Mwezi wathawu chinkhoswe chija chinakwana, kwathu ku Kamwendo. Usiku woti mawa ndi mwambo, atsibweni anandiitana poti ndinagwirako ntchito yoperekera zakumwa pa loji ina ku Chipata. "Mphwanga, talawa kaye. Sindikufuna manyazi pamaso pa asewere."

Ambiri timakhulupirira kuti vinyo aliyense akamakalamba amakomerakomera. Ayi ndithu. Vinyo wambiri wa m'mashopu amapangidwa kuti amwedwe pasanathe zaka zochepa. Pinot noir ndiye wosachedwa kukhumudwa. Mphesa zake ndi za khungu lopyapyala, n'chifukwa chake vinyoyu amaoneka wofiira mopepuka ndipo sakhakhala kwambiri pa lilime. Kwawo kwenikweni ndi ku Burgundy, m'dziko la France, ndipo ku South Africa amachita bwino m'chigwa cha Hemel-en-Aarde, kufupi ndi Hermanus komweko, kumene mphepo ya kunyanja imaziziritsa minda. Pinotage amene mumamuona m'mashopu a ku Lilongwe ndi mwana wake: mu 1925 Abraham Perold anakwatitsa pinot noir ndi mphesa za cinsaut ku Stellenbosch.

Vinyo wosunga amafuna mdima, malo ozizira pafupifupi madigiri 12 mpaka 14, ndiponso kugona chammbali kuti chitsekerero cha cork chizikhala chonyowa. Ndiye taganizani botolo litaima chiriri pansi pa malata opanda siling'i, October wa ku Mchinji kubwera kakhumi.

Tinayamba ndi la mu kabati. Chotsegulira panalibe, tinagwiritsa ntchito sikuluu ndi pulayazi. Cork inangonyenyeka ngati chigumu chouma. Titathira m'tambula n'kuyang'ana pa pepala loyera, mtundu unali wa tiyi wopanda mkaka. Fungo linali la zipatso zopsereza pamoto, kumapeto kwake viniga. Ndinalawa pang'ono, osameza. Kutentha kunamuphika, mpweya wolowera pa cork youma n'kumalizitsa.

Atsibweni anakhala chete nthawi yaitali. "Zaka zonsezi ndimapukuta fumbi pa viniga?" Palibe anaseka. Tonse tinkadziwa kuti botolo lija linali umboni wa zaka zimene anakhala kutali ndi ana awo, akugona m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya eni.

Apa mpamene akazi awo analowa kuchipinda n'kutuluka ndi katoni ija.

Cork ya botolo lachiwiri inatuluka yathunthu, yonyowa kunsi kokha. Mtundu unali wofiirabe pakati, m'mphepete ngati njerwa yootcha. Ndinaliimika kwa kanthawi kuti nsenga zikhale pansi, kenaka n'kuthira pang'onopang'ono. Poyamba linanunkha ngati chipinda chotsekedwa, koma patatha mphindi 15 fungolo linachoka. Kunabwera fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa, la masamba onyowa, la bowa wongozulidwa kumene m'nkhalango. Pinot noir wokalamba bwino amatero. Pa lilime panali kuwawasa kofatsa ngati chidede, kukoma kwa zipatso kuli patali, ndipo ukameza sikunkachedwa kuzimirira.

Chigamulo changa chinali chakuti vinyoyu wadutsa pachimake, mwina zaka zitatu kapena zinayi zapitazo akanakoma koposa, koma adakali moyo ndipo ndi woyenera kupatsa mlendo. Ndinawachenjezanso kuti vinyo wokalamba akatsegulidwa sachedwa kufooka. Tinabwezera cork, n'kuika botolo mu mtsuko wa madzi ozizira kuti lifike mawa.

Inu amene achibale akubweretserani botolo kuchokera ku Joni, kapena mwagula nokha podutsa pa Mwami, musaliike pa windo ngati chikho cha mpira. Ligonekeni pansi, mumdima, m'chipinda chozizira kuposa zonse. Ngati malo oterowo mulibe, musadikire zaka khumi, itanani akuluakulu anzanu mumwe chaka chomwecho.

Pa chinkhoswe, botolo la mamililita 750 linagawidwa kwa anthu 12, aliyense kakumwa kamodzi. Nkhoswe ya kuchimuna inalawa, n'kukwinya nkhope, n'kufunsa ngati pali thobwa. Atsibweni anaseka mpaka misozi. Botolo lopanda kanthu analitsuka, ndipo pano laima mu kabati muja, pafupi ndi windo.