Sikelo siona mafuta

Kuno ku Berea, m'munsi mwa nsanja ya Ponte, anzathu ayamba kudzimana nsima chifukwa sikelo yolumikiza ku foni yawauza kuti mafuta awachulukira m'thupi. Ine ndikukana. Sikeloyo siona mafuta. Imangodutsitsa kamphamvu ka magetsi m'miyendo, n'kupenekera potengera madzi a m'thupi, kutalika ndi zaka zanu. Kwerani m'mamawa, mukwerenso madzulo mutadya ndi kumwa: nambala isintha, chikhalirecho mafuta ndi omwe aja. Kodi mlonda wochezera usiku wonse azivutika ndi njala chifukwa cha kupenekera?

Bwerekani tepi kwa telala, muyeze mimba pamchombo. Ikapitirira theka la kutalika kwanu, pitani kuchipatala akakuyezeni shuga ndi BP. Marandi a sikelowo gulirani ndiwo.