Envulopu imodzi, munthu mmodzi

Mvula ikayamba kuno ku Chintheche, chinyezi chimalowa paliponse m'nyumba. Zovala timaziyanika, chimanga timachisamala kuti chisachite chuku, koma mapepala a banja amangokhala pansi pa sutikesi, chiswe ndi mphemvu zikudyerera. Mwezi uno tikambirane za mapepala amenewa, chifukwa amakhudza thanzi lathu komanso chuma cha ana athu.

Dera lathu linayamba kalekale kulemba ndi kuyenda. Amishoni atakhazikika ku Bandawe mu 1881, anthu a m'mbali mwa nyanja muno anaphunzira msanga kuwerenga, ndipo ambiri anapita kukagwira ntchito ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali mwana wa kuno. Ena anabwerako, ena anasanduka machona. N'chifukwa chake m'nyumba zambiri, kuyambira ku Kande mpaka ku Mpamba, muli makalata, zithunzi ndi ziphaso za Wenela kapena TEBA.

Mapepalawa akadali ndi ntchito. Ku South Africa kuli bungwe la Tshiamiso Trust, lomwe limapereka chipepeso kwa anthu amene anagwira ntchito m'migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019 n'kudwala TB kapena matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la miyala. Wofuna chipepeso, kaya mwiniwake, mkazi wamasiye kapena ana, amafunika umboni. Kapepala kokhala ndi nambala ya bambo ya kumgodi kakadyedwa ndi chiswe, nkhani imavuta.

Kuchipatala nakonso amafunsa ngati m'banja mwathu muli wina amene anadwalapo shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu kapena khansa. Matendawa amatha kuyenda m'magazi, ndipo wodziwa mbiri ya kwawo amapita msanga kukayezetsa.

Nanga tiyambire pati? Tisonkhanitse mapepala onse pamphasa tsiku lowala dzuwa. Munthu aliyense, wamoyo kapena womwalira, akhale ndi envulopu yakeyake. Mmenemo mulowe chiphaso cha kubadwa, cha ubatizo, cha ukwati, masatifiketi a sukulu, mapepala a ntchito ndi mabuku a kuchipatala amene anadzaza. Pamwamba tilembe mayina ake onse, pakuti agogo ambiri anali ndi dzina lakumudzi, lina la ubatizo, linanso lakumgodi. Tilembenso mudzi, mfumu, chaka chobadwa ndi matenda amene anawavutitsa.

Maenvulopu tiwaike m'bokosi lotseka bwino, pamalo okwera, kutali ndi khoma lonyowa. Tisaike pepala lachinyezi m'jumbo, limachita chuku. Long'ambika tisalimate ndi selotepi, chifukwa pakapita zaka imadetsa zilembo. Kuseri kwa chithunzi tilembe ndi pensulo mayina a anthu ndi malo, popeza inki imalowerera.

Kenako tijambule pepala lililonse pafoni, kutsogolo ndi kuseri, pamalo owala. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka: chithunzi cha chiphaso chimamira pakati pa mavidiyo ndi zithunzi za WhatsApp, ndipo tsiku lofunika sichipezeka. Foni itsatire dongosolo la bokosi lija. Envulopu iliyonse ikhale ndi foda yake ya dzina lomwelo, ndipo chithunzi chilichonse chipatsidwe dzina lomveka, monga “1972 agogo aamuna chiphaso cha Wenela”. Foni imabedwa, imagwera m'nyanja, memori khadi imafa. Choncho zonse zisungidwenso kwina, pa imelo kapena pafulashi yokhala kwa mbale wodalirika wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe.

Tisamale zinsinsi. Chiphaso chaunzika tisachiponye m'gulu la WhatsApp, akuba amachigwiritsa ntchito. Buku la kuchipatala la munthu wamoyo ndi lake, tisalijambule asanavomere.

Pali zina zimene sizinalembedwe paliponse, zili m'mitu ya agogo. Tiwafunse akadali ndi mphamvu, tilembe m'kope kapena tiwajambule mawu. Akakhala kuti chaka sachidziwa, zochitika zimathandiza. Wobadwa chaka chimene sitima ya Viphya inamira ndi wa 1946, ndipo wobadwa chaka chimene dziko lathu linalandira ufulu ndi wa 1964. Paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma amagonera bwino akalembedwa.

Ntchitoyi sifuna ndalama zambiri: maenvulopu, kope, pensulo ndi foni imene tili nayo kale. Lamlungu likubwerali masana, tiitane ana atithandize kujambula, ndipo tiyambe ndi envulopu ya munthu wamkulu kuposa onse pabanja pathu.