Makina Akayamba Kuthyola Tiyi, Ife Tilowera Kuti?

Ife a ku Thyolo ndi ku Mulanje tinabadwira m'tiyi. Agogo athu anagwira thangata pa minda yomweyi, amayi athu anakalamba ndi dengu kumsana, ndipo ife timalawirira m'mame kukathyola masamba awiri ndi kansonga, kenako n'kufola pasikelo kudikira kuti makilo alembedwe. Malipiro ake ndi ochepa, palibe sadziwa, komabe ndi omwewo amagula ufa, sopo ndi yunifolomu ya mwana.

Masiku ano nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi ya makina othyolera. Anthu awiri amawagwira uku ndi uku, n'kumeta dera limene likanafuna gulu la anthu. Mabwana amati makina sadwala malungo, sapita kumaliro, sadandaula za malipiro. Sitikukana. Koma makina sagula tomato pamsika wa Luchenza, sachita lendi nyumba, sakwera kabaza. Wothyola akachotsedwa ntchito, mayi wogulitsa zitumbuwa pageti nayenso geni yake yathera pomwepo.

Anzathu a ku Kenya zinawafikira kale. Mu 2023 ku Kericho anthu anapsa mtima mpaka kutentha makina othyolera tiyi. Ife sitikufuna kufika pamenepo, ndipo chitsulo sitidana nacho. Chikutiwawa n'chakuti ndalama imene inkagawika m'manja mwa anthu mazanamazana ikathera m'matumba a anthu owerengeka. Tiyi adzagulitsidwabe ku okushoni ku Limbe, ku London adzamwabe, eni masheya adzalandira kuposa kale, pomwe kumudzi kwathu khobidi lasiya kuzungulira.

Ena amati phunzirani kuyendetsa makinawo. Adzatenga angati? Ndipo pa ochepawo, amayi amene athyola tiyi moyo wawo wonse adzakhalapo? Ena amati bwererani kukalima. Apa ndiye pamatipweteka kwambiri. Tikalime pati? Nthaka yachonde inalowa m'maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda, ife tinatsala ndi timinda ta m'mbali mwa phiri, tomwe tagawanagawana mpaka mwana womaliza alibe ngakhale pomanga khitchini. Tinapirira kukhala opanda malo chifukwa ntchito inalipo. Ntchito ikachoka, malo n'kukhalabe komweko, ndiye kuti tatayidwa kawiri.

Aphungu athu, mafumu athu, ndi inu a bungwe la ogwira ntchito, nkhaniyi ikambidwe panopa makina asanadzaze minda. Esiteti ikafuna kuchepetsa anthu, iyambe yatiuza kumene anthuwo akalime.